Kodi "Akanadziwa" Timamusenzetsa Ndani?

Palibe munthu amene sananenepo mawu akuti "ndikanadziwa". Wophunzira amene walephera mayeso ndi malikisi awiri amawanena. Mayi amene anachedwa kupita ndi mwana kuchipatala amawanena mpaka kumera imvi. Makolo athu ankawadziwa bwino mawuwa, n'chifukwa chake anatisiyira mwambi uja wakuti ndikanadziwa ndikanaphika therere. Kawirikawiri tikamva munthu akulankhula chonchi timathamangira kumuletsa, n'kumuuza kuti madzi akatayika saoleka. Ine ndikuona kuti kuletsako kumaphonya pamene pali bala. Munthu sangaleke kuganiza za zimene zikanachitika. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi ichi: tikamakonzanso dzulo m'mutu mwathu, timasankha munthu mmodzi woti akanachita mosiyana, ndipo nthawi zambiri timasankha amene anali ndi mphamvu zochepa pa nkhaniyo, makamaka akakhala mkazi.

Amayi ena ophunzira zaumulungu a ku Latin America, pamodzi ndi anzawo ochokera komweko amene amakhala ku United States, analimbana ndi vuto limeneli kwa zaka zambiri. Sitingagwirizane nawo pa zonse, koma zimene anaona n'zoyenera kuti wophunzira ndi mkhristu aliyense azimve.

Zimene akatswiri a maganizo anapeza

Kaganizidwe ka "zikanakhala" kali ndi dzina m'maphunziro a saikoloje. M'Chingerezi amati counterfactual thinking, kutanthauza kuganizira zosiyana ndi zimene zinachitikadi. M'chaka cha 1982, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anafotokozera anthu nkhani ya amuna awiri amene anakwera galimoto imodzi popita kubwalo la ndege, ndipo onse anafika mochedwa ndi mphindi 30. Wina anauzidwa kuti ndege yake inanyamuka pa nthawi yake. Mnzakeyo anauzidwa kuti yake inachedwa, moti yangonyamuka mphindi zisanu zapitazo. Onse awiri ndege inawasiya chimodzimodzi, koma pafupifupi aliyense amene anafunsidwa ananena kuti wachiwiriyo ndiye anawawidwa mtima kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti kwa iye n'kosavuta kuona m'maganizo mmene akanaipezera ndegeyo.

Mu 1995, Victoria Medvec, Scott Madey ndi Thomas Gilovich anaunika nkhope za opambana pa masewero a Olympics a ku Barcelona a 1992. Anapeza kuti olandira mendulo ya mkuwa, amene ali pa nambala yachitatu, ankaoneka osangalala kuposa olandira ya siliva. Wa siliva amayang'ana kumwamba: pang'onong'ono ndikanatenga golide. Wa mkuwa amayang'ana pansi: pang'onong'ono ndikanabwerera chimanjamanja. Akatswiri monga Neal Roese anasonyeza kuti mitundu iwiriyi ili ndi ntchito yake. Kuyang'ana kumwamba kumawawa koma kumaphunzitsa, chifukwa wolephera mayeso amene wazindikira kuti akanayamba kuwerenga msanga ali ndi chochita teremu yamawa. Kuyang'ana pansi kumatonthoza, koma sikusintha kanthu.

Mpaka apa palibe choopsa. Choopsa chili pa funso lakuti maganizo amasankha kusintha chiyani. Kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti sitisintha zinthu mwachisawawa. Timasintha chimene chinali chachilendo tsikulo, timasiya chozolowereka. Timasintha chimene munthu akanatha kuchilamulira, timasiya chimene chikuoneka ngati chosasunthika. Ndipo timasintha zochita za munthu amene maso athu ali pa iye. Mu 1995, Christopher Davis ndi anzake anacheza ndi anthu amene anataya mwana kapena mnzawo wa m'banja pa ngozi ya galimoto zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, komanso makolo amene khanda lawo linamwalira mwadzidzidzi lili m'tulo. Ambiri ankangobwerezabe tsikulo m'mutu, ndipo chimene ankachisintha kwambiri chinali zochita zawo zomwe, osati za anthu ena. Amene ankachita zimenezi pafupipafupi ndi amenenso anali osweka mtima kwambiri. Mu 2003, Nyla Branscombe ndi anzake anapeza zofanana pakati pa amayi amene anagwiriridwa: amene ankaganizira kwambiri zimene iwo akanachita mosiyana ankadziimba mlandu kwambiri, ndipo moyo wawo wa m'maganizo unali wovutika kwambiri.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi. Ngati nkhanza kwa akazi zazolowereka m'dera, maganizo amaziona ngati nyengo, ngati fumbi la m'chilimwe limene palibe amalifunsa chifukwa. Chotsala choti chisinthidwe ndi mkaziyo basi: njira imene anadzera, chovala chimene anavala, ola limene anatuluka.

Mphindi ziwiri za ku Ciudad Juárez

Ciudad Juárez ndi mzinda wa kumpoto kwa Mexico, kumalire ndi United States, moyang'anizana ndi El Paso. Uli ndi mafakitale ambiri opanga katundu wogulitsa kunja, ndipo atsikana ambiri ochokera m'mabanja osauka amagwira ntchito m'menemo. Kuyambira mu 1993 anthu anayamba kuwerenga akazi amene ankasowa kenaka n'kupezeka ataphedwa, ndipo chiwerengero chinafika m'mazana. Mu Novembala 2001, matupi asanu ndi atatu anapezeka m'munda wa thonje mumzindamo. Mmodzi mwa ophedwawo anali mtsikana wa zaka 20 amene tsiku limene anasowa anafika kuntchito mochedwa ndi mphindi ziwiri, ndipo anamubweza pageti.

Mphindi ziwiri. Aliyense amene wamva nkhani ya amuna awiri a ndege aja akudziwa kumene maganizo amathamangira: akanadzuka msanga, akanafulumira pang'ono. Akuluakulu ena a boma anathamangira kufupi ndi komweko. Amayi atapita kukanena kuti ana awo asowa, anayankhidwa kuti mwina ali ndi zibwenzi zawo, kapena kuti anali atsikana oyendayenda.

Amayiwo anakana yankho limenelo. Mlandu wa atatu mwa atsikanawo unafika kukhothi loona za ufulu wa anthu la maiko a ku America, lotchedwa Inter-American Court of Human Rights, ndipo mu Novembala 2009 khothilo linagamula kuti boma la Mexico linalakwa. Linati boma linkadziwa za kuopsa kumene akazi a mumzindawo anali nako, koma silinafunefune atsikanawo mwachangu atanenedwa kuti asowa, ndipo silinafufuze bwino imfa zawo. Linadzudzulanso mawu onyoza aja. Onani chimene chinachitika. Nalo khothi linaganiza za "zikanakhala", koma linasintha mwini wake. M'malo mwa "mtsikanayu akanafulumira", panabwera "apolisi akanafulumira". Chiganizo choyamba chilibe chimene chingabale koma misozi, pakuti mtsikanayo sadzabwerera. Chachiwiri chingathe kupulumutsa mtsikana wina mawa.

Amayi amene anasintha funso

Ophunzira zaumulungu amene ndikunena pano sankayankha Kahneman. Ankayankha maliro, umphawi ndi maulaliki amene anakula akumva. Koma ntchito yawo ikukhudza ndendende pamene saikoloje yaloza.

Ada María Isasi-Díaz anabadwira ku Havana, ku Cuba, mu 1943, ndipo anathawira ku United States mu 1960. Anakhalapo sisitere wa mpingo wa Katolika, anatumikira pakati pa osauka ku Lima, ku Peru, kenaka anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa Drew University. Anamwalira mu 2012. Maphunziro ake anawatcha mujerista, kuchokera ku liwu la Chisipanishi lakuti mujer, kutanthauza mkazi. Buku lake la 1988, limene analemba ndi Yolanda Tarango, linachokera pa kukhala pansi ndi amayi wamba n'kuwamvetsera akufotokoza okha za Mulungu wawo. Anatsindika chimene anachitcha lo cotidiano, moyo wa tsiku ndi tsiku: ndalama ya basi, lendi, mwana wodwala, bwana wachipongwe. Iye ankati m'menemo ndi mmene chikhulupiriro chimayesedwa, ndipo mkazi amene akulimbana nazo ndi munthu woganiza ndi wosankha, woyenera kutchula yekha dzina la mavuto ake.

Chimene ankatsutsana nacho chili ndi dzina. Mu 1973 Evelyn Stevens anatchukitsa liwu lakuti marianismo, pofotokoza chithunzi cha mkazi wabwino chimene chinafala ku Latin America: wofatsa, wodzipereka, wopirira mwakachetechete, wosenza zolakwa za mwamuna ndi za ana ngati mtanda wake. Mkazi woleredwa chonchi banja likagwedezeka amakhala kale ndi "ndikanadziwa" wake m'thumba. Ndikanaphika bwino. Ndikanapanda kuyankha. Ndikanapemphera kwambiri. Owerenga athu sakufunika womasulira pamenepa, chifukwa "banja ndi kupirira" tinamumva pa maukwati ambiri, ndipo tikudziwa kuti amalunjika kwa ndani.

Nancy Pineda-Madrid, m'buku lake la 2011 lonena za kuzunzika ndi chipulumutso ku Ciudad Juárez, anafunsa funso lovuta: kodi uthenga wa chipulumutso ukutanthauzanji mumzinda umene akazi akuphedwa popanda wolangidwa? Anachenjeza kuti chiphunzitso cholemekeza kuzunzika pakokha chimathandiza wozunza. Analoza kwa amayi amene ankajambula mitanda yakuda pa utoto wapinki m'mapolo a mumzinda, kuguba m'misewu, ndi kutchula maina a ana awo poyera. Kwa iye zochita zimenezo zinali kukana kuti imfa zimenezi ndi nyengo chabe. Mwa mawu a saikoloje tinganene kuti amayiwo anatenga chinthu chozolowereka n'kuchisandutsa chachilendo, kuti maganizo a anthu ayambe kuchiona ngati chotheka kusintha.

Mzu wa kaganizidwe aka ndi wakale. Mu 1690, Sor Juana Inés de la Cruz, sisitere wophunzira kwambiri wa ku Mexico, anadzudzulidwa ndi bishopu wa ku Puebla chifukwa chokonda mabuku. Poyankha, sanadandaule kuti akanakhala chete. Anatembenuza nkhani n'kuganizira dziko limene amayi achikulire akanakhala ophunzira ndi kumaphunzitsa atsikana, monga Paulo analangizira Tito, ndipo anati zoipa zambiri zikanapewedwa. "Zikanakhala" wake sanaloze pa khalidwe la mtsikana mmodzi. Analoza pa khomo la sukulu limene linali lotseka.

Kodi Baibulo lili mbali iti?

Wina anganene kuti zonsezi ndi ndale zovala mkanjo wa chipembedzo. Tiyeni titsegule Buku Lopatulika. Pa 2 Samueli 13 pali nkhani ya Tamara, amene anagwiriridwa ndi mlongo wake Amnoni. Munthu wofuna kunena kuti "akanapanda kupita kunyumba ya mwamuna" ayambe waona amene anamutuma kumeneko: anali bambo ake, mfumu Davide. Amene anakonza chiwembu anali Yonadabu. Amene anatulutsa anthu onse m'nyumba anali Amnoni. Tamara ndi yekhayo m'nkhaniyo amene analankhula zanzeru, nakana, natchula choipacho dzina lake. Pambuyo pake Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, ndipo Davide anakwiya koma sanachite kanthu. Wolemba Malemba sanasiye mpata woti timusenzetse Tamara "akanadziwa". Zala zonse za nkhaniyo zikuloza kunyumba yachifumu, ndipo machaputala otsatira akusonyeza mtengo umene nyumbayo inalipira chifukwa cha chete ameneyo.

Elsa Tamez, katswiri wa Baibulo wobadwira ku Mexico amene waphunzitsa zaka zambiri ku Costa Rica, anawerenga nkhani ya Hagara ndi maso omwewo. Ambiri tinaphunzira kumuona Hagara ngati cholakwika cha Abrahamu ndi Sara: akanadikira lonjezo, mavuto sakanabwera. Zimenezo n'zoona, koma Tamez anatikumbutsa kuti kapolo wa ku Igupto uja anali munthu, amene sanafunsidwe maganizo ake, ndipo Mulungu anakumana naye kawiri m'chipululu, namupatsa lonjezo lakelake. Zonsezi zili pa Genesis 16 ndi 21. Tamez sanaonjezere kanthu m'Malemba. Anangoona zimene owerenga ambiri ankazidumpha.

Ndiye pali Marita ndi Mariya pa Yohane 11. Onse awiri, aliyense pa nthawi yake, anauza Yesu kuti kuchedwa kwake n'kumene kunalola imfa ya Lazaro. Ameneyu ndi "mukanabwera" wolunjika kwa Ambuye mwini. Yesu sanawadzudzule. Sanawafunse ngati anamusamalira bwino wodwalayo, kapena ngati anatumiza uthenga pa nthawi yake. Analira nawo, kenaka analamula anthu amene anali pamenepo kuti achotse mwala, ndipo Lazaro atatuluka anawalamulanso kuti amumasule. Chisoni cha alongo awiri chinasanduka ntchito ya khamu lonse.

Zotsutsa zoyenera kuzimva

Pali mafunso atatu amene munthu woona mtima angafunse.

Loyamba: kodi sitikuchotsa udindo wa munthu pa moyo wake? Ayi. Kuchenjera ndi kwabwino, ndipo kholo lililonse limalangiza mwana za njira zoopsa. Koma chenjezo ndi la mawa, pamene mlandu ndi wa dzulo. Amene wasiya chitseko chosakhoma sasanduka wakuba. Patricia Frazier, amene anatsatira amayi ogwiriridwa kwa nthawi yaitali, anapeza kuti kudziimba mlandu pa zimene zinachitika kumayenda ndi kuvutika kwambiri, pamene kumva kuti uli ndi mphamvu pa kuchira kwako lero kumayenda ndi kupeza bwino. Apa saikoloje ikukumana ndi Isasi-Díaz. Mphamvu imene tiyenera kubwezera mkazi wovulazidwa ndi ya lero, osati yongomunamiza kuti dzulo linali m'manja mwake.

Lachiwiri: kodi amayi awa sakuika zochitika za moyo pamwamba pa Malemba? Ena mwa iwo amafikadi pamene ife sitingawatsatire. Ambiri ndi Akatolika, ndipo pa nkhani ya Mariya, miyambo ya mpingo ndi ulamuliro wa Baibulo timasiyana nawo poyera. Iwo okhanso sagwirizana pa zonse: María Pilar Aquino, mwachitsanzo, sanatenge dzina la mujerista, ndipo amayi achipulotesitanti monga Loida Martell-Otero, Zaida Maldonado Pérez ndi Elizabeth Conde-Frazier analemba buku lawo mu 2013 lotsindika Malemba ndi Mzimu Woyera. Sitikufunika kumeza zonse. Tiyese chilichonse ndi Baibulo, monga anachitira a ku Bereya. Koma funso la amene tikumusenzetsa mlandu likapambana mayeso amenewo, monga taonera pa Tamara, kulikana chifukwa cha amene walibweretsa ndi kunyada chabe.

Lachitatu: nanga chifuniro cha Mulungu? Mu 2010 Laura Kray ndi anzake anasonyeza kuti anthu akaganizira mmene moyo wawo ukanakhalira popanda chochitika china chachikulu, amayamba kuchiona chochitikacho ngati chatanthauzo, ngati chinayenera kuchitika. Zimenezi n'zokoma pa umboni wa mmene unapezera sukulu kapena mnzako wa m'banja. Koma ndi poizoni zikanenedwa kwa munthu wochitidwa nkhanza. Yosefe anaona dzanja la Mulungu pa ulendo wake wa ku Igupto, komabe zimene abale ake anachita anazitchula kuti zoipa, ndipo ananena zimenezo ndi iye mwini patapita zaka zambiri, osati mlendo wobwera kudzapepesa tsiku lotsatira. N'chimodzimodzi ndi chitonthozo chathu chija chakuti "thokozani kuti sanakupheni". Kumeneko n'kuyang'ana pansi kwa mendulo ya mkuwa. Kumaziziritsa mtima kwa kanthawi, koma kukachokera pakamwa pa amene anayenera kuchitapo kanthu, kumakhala njira yotsekera nkhani.

Ntchito ili kwa ife

Chichewa chathu chimaonetsa nkhani yonseyi m'kaphatikizo kamodzi. Mu "ndikanadziwa", "akanadziwa" ndi "tikanadziwa", chimene chikusintha ndi chiyambi chokha, koma chiyambicho ndicho chimanena amene asenze katundu.

Tsono tidzimvetsere. Mnzathu wa m'chipinda chogona akabwera akulira n'kutiuza zimene wina wamuchita, funso loyamba kutuluka m'kamwa mwathu ndi liti? Ngati ndi "unkakatani kumeneko?", tayamba kale kukonza dzulo pogwiritsa ntchito iye. Komiti ya mpingo ikakhala pansi pa nkhani ya mtsikana woyembekezera, kodi pa mpando wa wofunsidwa pamakhala anthu angati? Mayi akabwera kwa akulu a mpingo kachitatu ndi nkhope yotupa, kodi timamufunsa zimene anachita kuti bambo akwiye, kapena timadzifunsa zimene tinachita atabwera koyamba? Amayi a Dorika, atsogoleri a achinyamata, aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ndi ife ophunzira amene mawa tidzakhala abusa, anamwino ndi aphunzitsi, tonse tidzafunsidwa mafunso amenewa ndi moyo, tifune tisafune.

Mpingo wathu uli ndi ndondomeko ya enditnow yolimbana ndi nkhanza, ndipo chaka chilichonse timapatula Sabata loikumbukira. Ndi chinthu chabwino. Koma Sabata limodzi silingathe kulimbana ndi chizolowezi cha maganizo chimene chimagwira ntchito masiku onse. Chofunika ndi kuphunzira kufunsa "tikanatani?" pamene pakamwa pakufuna kunena "akanatani?". Tikanaika nyale panjira ija. Tikanakhala ndi munthu wodalirika wolandira madandaulo mwachinsinsi. Tikanamukhulupirira atanena koyamba. Mayankho otere amawawa, chifukwa amatichotsa pa mpando wa oweruza. Koma ali ndi ubwino umene "akanadziwa" alibe: lililonse mwa iwo lingathe kulembedwa pa ndandanda ya zokambirana za komiti ya mwezi uno, n'kupatsidwa munthu ndi tsiku.

Amayi a ku Juárez sanabwezeredwe ana awo. Chimene anakana n'chakuti ana awowo asenzenso mlandu wa imfa yawo yomwe. Ngati amayi osauka, olira, onyozedwa ndi akuluakulu a boma anatha kulimbikira mpaka funso linasintha, mpingo umene umawerenga za Tamara ndi Hagara ulibe chifukwa chodikira khothi kuti liuphunzitse.